Sayed Darwish, Mmisiri wa Nyimbo wa ku Aigupto

Ana inu, nonse munamvapo anthu alikuimba pa nchito kuti khasu lipepuke. Mverani tsono mbiri ya munthu amene anakweza nyimbo zotere.

Sayed Darwish anabadwa m'caka ca 1892 m'mzinda wa Alexandria, m'dziko la Aigupto. Atate wace anamwalira iye akali mwana, ndipo atasinkhuka analowa nchito yomanga nyumba kuti adyetse banja. Pomangapo anali kuimbira anzace, nawalimbitsa mtima padzuwa. Tsiku lina eni ace a gulu la masewero anamva mau ace okoma, namtenga kunka naye ku Syria. Kumeneko anaphunzira nyimbo zakale za Aarabu, zoimbidwa ndi coimbira ca zingwe cochedwa oud.

Masiku amenewo nyimbo zolemekezeka zinali zazitali, ndipo zinali kumveka makamaka m'nyumba za anthu olemera. Koma Darwish, atasamukira ku Cairo, anapeka nyimbo zazifupi zonena za otunga madzi, onyamula akatundu ndi anchito ena, m'cinenero cimene iwo omwe anali kulankhula. Osauka anakondwa pakumva moyo wao ulikuimbidwa. M'caka ca 1919, pamene Aaigupto anaukira ulamuliro wa Angelezi, nyimbo zace zinamveka m'miseu.

Anamwalira m'caka ca 1923 ali ndi zaka 31 zokha. Koma m'caka ca 1979 nyimbo yace ina inasankhidwa kukhala nyimbo ya fuko lonse. Motero mmisiri amene sanacite manyazi ndi anthu osauka akumbukika kufikira lero.