William Koyi, Munthu wa Theka la Talente

Anzanga, teremu ino nkhope zambiri pasukulu pano n'zakugwa. A Fomu 4 akuwerenga masiku amene atsala kuti alembe MSCE. Ena fizi sanamalize, akudikira kuti mabelo a fodya agulidwe ku Chinkhoma, ndipo tonse tikudziwa kuti belo limatha kupita kumsika n'kubwererako osagulidwa. Ndiye pabolodi pano ndati ndikusimbireni za munthu wina amene anali ndi zifukwa zodera nkhawa zoposa zathuzi, koma anadziwa kokazitula. Dzina lake ndi William Koyi. Amene munafikako ku Mzuzu mwina munaona nyumba yogona alendo ya mpingo wa CCAP yotchedwa ndi dzina lake. Manda ake ali ku Njuyu, m'boma la Mzimba, kwa anansi athu akumpotowa.

Koyi sanali Mmalawi ayi. Anali Mxhosa, ndipo anabadwa mu 1846 kudera limene lero limatchedwa Eastern Cape, ku South Africa. Ali ndi zaka pafupifupi 10, mtundu wake unagwa m'tsoka lalikulu. Mtsikana wina, dzina lake Nongqawuse, analosera kuti anthu akapha ng'ombe zawo zonse ndi kusiya kulima, makolo amene anafa adzauka n'kubweretsa chuma chatsopano. Mu 1856 ndi 1857 anthu ambiri anachitadi zimenezo. Makolowo sanauke. Chimene chinabwera ndi njala yoopsa imene inapha anthu zikwizikwi, ndipo otsala anabalalika kukafuna ganyu kwa azungu.

Koyi naye anakulira paganyu. Anayendetsapo ngolo za ng'ombe, anagwirapo ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, kenaka analembedwa ntchito m'sitolo ku Port Elizabeth. Sukulu? Sanaiponde n'komwe ali mwana. Kuwerenga Chixhosa anachita kudzikakamiza atakula kale. Olemba mbiri yake amati tsiku lina anatola kapepala panjira, ndipo kanali kachidutswa ka mutu wachitatu wa Uthenga Wabwino wa Yohane, paja pamene Yesu akucheza ndi Nikodemo za kubadwa mwatsopano. Nkhaniyo inamusowetsa mtendere mpaka anatembenuka mtima n'kulowa mpingo.

Mu 1871, ali ndi zaka 25, anasiya ntchito n'kuyenda pansi mtunda woposa makilomita 200 kupita kusukulu ya mishoni ya Lovedale. Tangoganizani, munthu wandevu kale kukhala pabenchi limodzi ndi tiana. M'kalasi sanali wa nambala wani. Koma aphunzitsi anaona kuti ndi munthu woti ukamutuma umagona tulo, ndipo anamuika kukhala woyang'anira anzake pantchito zamanja.

Nthawi yomweyo kuno kwathu kunali kukuyambika zina. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika panyanja ndi sitima yawo ya Ilala, n'kutsegula mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Mmodzi wa iwo anali Dr Robert Laws. Chaka chotsatira, mkulu wa sukulu ya Lovedale, Dr James Stewart, anapempha ophunzira ake kuti ena adzipereke kukathandiza kunyanjako. Aliyense ankadziwa kuti kumeneko kuli malungo, nkhondo ndi malonda a akapolo, ndipo kubwerako ndi moyo kunali kwa mwayi.

Apa ndi pamene Koyi anaimirira. Sanadzitame. Anakumbutsa anthu fanizo la matalente la pa Mateyu 25, pamene wina analandira asanu, wina awiri, wina limodzi. Iye anati lake silikwana n'limodzi lomwe, ndi theka chabe, popeza maphunziro ake ndi ochepa, koma ngakhale kukakhala wotema nkhuni ndi wotunga madzi, apita. Mwaona? Nkhawa yake yoyamba inali yomwe ija imatigwira ife a sukulu zoyendera, yoti anzathu a kusukulu zogonera ndiye anzeru, ife ndife otsalira. Koyi sanakane kuti n'ngoperewera. Anangotenga kuperewerako n'kukupereka m'manja mwa Mulungu.

Anasankhidwa anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Wauchope anadwala kwambiri ulendo usanathe, anamubweza kwawo. Mngunana, amene ambiri ankamudalira pauphunzitsi, anamwalira mu 1877. Ntintili anagwira ntchito zaka zingapo, kenaka anabwerera. Pa anayi aja anatsala mmodzi, yemwe uja wa theka la talente.

Ndipo theka lija linapezeka kuti ndi limene mishoni inkasowa. Masiku amenewo Angoni ndiwo ankagwedeza dziko lino. Anachokera kummwera ndi mfumu yawo Zwangendaba, anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo ena anadzakhazikika ku Mzimba pansi pa Inkosi M'mbelwa. Atonga a kunyanja ankawaopa koopsa. Ife a kuno ku Kasungu tisachite kufunsa, dzina loti Nguru ya Nawambe limatikumbutsa mpaka lero nkhondo ya Angoni ndi anthu a Mwase. Tsono chiyankhulo cha Angoni chinali pachibale ndi Chixhosa. Azungu ophunzira aja ankangoti kukamwa yasa, koma Koyi ankamva zonse, ankadziwanso mmene munthu amalonjerera mfumu, nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete. Mu 1878 ndi 1879 anayenda ndi Dr Laws kukakumana ndi atsogoleri a Angoni, mpaka anafika kwa M'mbelwa.

Mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881, zinaonekeratu kuti popanda kumvana ndi Angoni ntchito siyenda. Mu 1882 Koyi anakwera kumapiri n'kukamanga kanyumba kake ku Njuyu, pakati pa Angoni enieniwo. Analibe asilikali omulondera. Indunazo sizinali za mtima umodzi: ena ankamufuna, ena ankati alendowa achoke kapena aphedwe. Ankaona ankhondo akunyamuka ndi zishango ndi mikondo, n'kudzabwera ndi anthu ogwidwa. Pakabuka mkangano pakati pa Angoni ndi amishoni a ku Bandawe, woyamba kufunsidwa anali iye, nanga si ndiye anali pafupi. Chifukwa choyimira ena pamilandu chonchi, Angoni anamupatsa dzina loti Umteteleli, kutanthauza mkhalapakati, woyankhulira anzake.

Koma chimene chinali chowawa zedi sichinali mikondo ayi. Kunali kudikira. Koyi anapita ku Njuyu kuti akatsegule sukulu, koma mafumu anakana. Maganizo awo anali akuti ana akaphunzira za m'buku adzafooka, adzakana kupita kunkhondo, ndipo ufumu wa Angoni udzatha. Chaka chinatha, china chinatha, chachitatu chinatha, sukulu osaloledwa. Mnzake wa ku Scotland amene ankakhala naye, James Sutherland, anamwalira mu 1885. Mlimi wa fodya amadikira kuchokera kunazale mpaka kuokushoni, miyezi yosakwana chaka, koma timamuona mmene amaondera ndi maganizo. Nanga munthu wodikira zaka zinayi, wopanda ngakhale mmodzi wobatizidwa woti aloze?

Chimene Koyi anachita m'zaka zimenezo n'chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Sanathawe, komanso sanakakamize zinthu mwaukali. Ankagwira ntchito ya tsiku limenelo basi. Ankapempheretsa Lamulungu kwa amene abwera, kaya ndi ochepa. Ankakhala pabwalo ndi madoda, kumvetsera milandu yawo, kuzimitsa moto usanakule. Anyamata ena ankabwera usiku mozemba kudzaphunzira kuwerenga, ndipo mwa iwo munali ana a sing'anga wina, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara. Zoti mafumu adzalola liti, zoti mawa kudzacha bwanji, Koyi anazisiya kwa Mwini wake. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula inavuta ku Ungoni. Atayesa njira zawo zonse osaphula kanthu, akuluakulu anapita kwa amishoni kukapempha kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Dr Walter Elmslie, dokotala amene anafika ku Njuyu mu 1885, anachititsa mapemphero, ndipo mvula inagwa. Mitima ya ambiri inayamba kufewa. Patapita miyezi yochepa, M'mbelwa ndi nduna zake anagamula kuti sukulu zitsegulidwe.

Uthengawo unamupeza Koyi ali gone pamphasa, matenda atamufooketsa. Elmslie analemba kuti atamva, anayamika Mulungu ndi pemphero la Simeoni, nkhalamba ya pa Luka 2 ija imene inati tsopano ikhoza kupita mumtendere popeza yaona chimene inkadikira. Pa 4 June 1886 William Koyi anamwalira, ali ndi zaka pafupifupi 40. Sukulu imene anaidikira zaka zonse zija sanaphunzitsemo ngakhale tsiku limodzi.

Wina anena kuti, aaa, ndiye kudalira Mulunguko kunamuthandiza chiyani, poti anafa osadya zipatso zake? Funso limeneli n'lomveka, tisalithawe. Zoona, Mulungu sanamuchotsere matenda, sanamubwezere anzake amene anamwalira, sanafupikitse zaka zodikira zija. Chimene anamupatsa ndi mtima wokhazikika woti n'kukhala pamalo pamene wina aliyense akanalongedza katundu. Ndipo taonani zimene zinatsatira. Mu 1890 Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa, Angoni oyamba kutero kumeneko, ndipo Mawelera anadzakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo zamumpingo. Mishoni inatsegulidwa ku Ekwendeni, kenaka ku Embangweni. Mu 1900 amishoni omwewo a Livingstonia anafika kuno, Dr George Prentice n'kukhazikitsa mishoni ya Kasungu, kumene timati ku Chilanga. Njira imene sukulu inadzera pobwera kwathu kuno, wina anayamba wailambula ndi theka la talente.

Pa 1 Petro 5:7 timauzidwa kuti nkhawa zathu tizimusenzetsa Mulungu chifukwa amatisamala, ndipo pa Mateyu 6 Yesu akuti za mawa tizisiyire mawa lomwelo. Ambirife mavesi amenewa timawadziwa pamtima, timawatchula ku SCOM, koma usiku timagonabe maso ali gwa. Mwina n'chifukwa choti timayesa kutula nkhawa ndiye kukhala manja lende. Moyo wa Koyi ukuonetsa zina. Iye anasiyanitsa katundu wake ndi katundu wa Mulungu. Kuphunzira ulemu wa Angoni, kuphunzitsa anyamata usiku, kupirira, ameneyo anali katundu wake, ndipo anamusenza. Kutembenuza mtima wa M'mbelwa ndi kugwetsa mvula, ameneyo sanali wake, ndipo sanayese n'komwe kumunyamula.

Ifenso chimodzimodzi, anzanga. Mtengo wa fodya ku Chinkhoma suli m'manja mwako. Mafunso amene a MANEB akonza sungawadziwe. Ukawasenza amenewo, ungodzipweteka khosi. Koma mutu wa Biology umene sunaumvetse uja, masamu amene umawathawa aja, kupita kukafotokoza bwinobwino kuofesi za vuto la fizi m'malo mongojomba, zimenezo ndi zako. Chita zako lero, zinazo uzitchule m'pemphero mmodzimmodzi, kenaka ugone. Ndipo ngati nkhawa yakukulira moti sukudya, sukugona, usafe nayo wekha: uza mphunzitsi amene umamukhulupirira, kholo, kapena abusa. Nayenso Koyi sanakhale yekha ku Njuyu mpaka kalekale, Mulungu anamutumizira anzake.

Ukamadutsa pabolodi pano n'kumadziona ngati wa theka la talente, usadandaule. Mwa anayi aja, amene Amalawi akumukumbukira mpaka lero ndi yemweyo.