Amos Alonzo Stagg

Amos Alonzo Stagg (16 Ogasiti 1862 – 17 Malichi 1965) anali katswiri wa masewera komanso mphunzitsi wa mpira wa ku America m'sukulu za ukachenjede. Amadziwika kwambiri chifukwa cha zaka 41 zimene anaphunzitsa timu ya University of Chicago, pa nthawi imene mgwirizano wa mayunivesite womwe lero umatchedwa Big Ten unkayamba ndi kukula. Mpira umenewu ndi wosiyana ndi wamiyendo uja Amalawi anauzolowera: ndi wooneka ngati dzira, osewera amathamanga nawo m'manja, ndipo amagwetsana monga achitira a rugby.

Ubwana ndi maphunziro

Stagg anabadwira ku West Orange, m'chigawo cha New Jersey, m'banja losauka. Bambo ake ankasoka nsapato. Mu 1884 analowa ku Yale ali ndi cholinga chodzakhala m'busa, koma chimene chinamutchukitsa kumeneko ndi luso loponya mpira wa baseball. Matimu olipira anamufuna, iye anakana. Mu 1889 anasankhidwa m'gulu loyamba la osewera mpira wa ku America opambana onse m'makoleji.

Ubusa anausiya ataona kuti pa guwa mawu sankamutuluka bwino. Mu 1890 anapita kusukulu ya YMCA ku Springfield, Massachusetts, kumene anali limodzi ndi James Naismith, amene anayambitsa basketball mu 1891. Pa masewero oyamba a basketball oonetsedwa pagulu, mu Malichi 1892, aphunzitsi anagonja kwa ophunzira 5–1, ndipo chigoli chimodzicho anagoletsa ndi Stagg.

Ku Chicago ndi chiyambi cha mgwirizano

Mu 1892 William Rainey Harper, mkulu woyamba wa University of Chicago yemwe anaphunzitsapo Stagg ku Yale, anamubweretsa kuti adzatsogolere nthambi ya masewera. Anamupatsa udindo wofanana ndi wa aphunzitsi a m'kalasi, zomwe zinali zachilendo masiku amenewo.

Masewera a m'makoleji anali pachipwirikiti. Sukulu zina zinkaseweretsa anthu aganyu omwe sankalowa n'komwe m'kalasi. Pa 11 Januwale 1895 James H. Smart, mkulu wa Purdue, anasonkhanitsa akuluakulu anzake mumzinda wa Chicago, ndipo anagwirizana kuti wosewera azikhala wophunzira weniweni amene sakutsalira pa maphunziro. Pa 8 Febuluwale 1896 mgwirizanowo unakhazikitsidwa ndi mayunivesite 7: Chicago, Illinois, Michigan, Minnesota, Northwestern, Purdue ndi Wisconsin. Mphamvu zoyendetsa masewera zinaikidwa m'manja mwa nthumwi za aphunzitsi. Indiana ndi Iowa analowa mu 1899. Michigan inatuluka mu 1908 itakana malamulo atsopano ochepetsa masewero, Ohio State inalowa mu 1912, ndipo Michigan itabwerera mu 1917 mamembala anakwana 10. Dzina loti Big Ten linamera mizu pamenepo.

Timu ya Stagg, yotchedwa Maroons, inatenga ukatswiri wa mgwirizanowu kasanu ndi kawiri: mu 1899, 1905, 1907, 1908, 1913, 1922 ndi 1924. Masewero amene amakumbukika koposa ndi a mu 1905, pamene Chicago inagonjetsa Michigan 2–0. Michigan, motsogozedwa ndi Fielding Yost, inali itasewera masewero 56 osagonja. Chaka chomwecho imfa za osewera zinautsa mkwiyo m'dziko lonse mpaka pulezidenti Theodore Roosevelt analowererapo, ndipo mu 1906 malamulo anasinthidwa kuti mpira uziloledwa kuponyedwa kutsogolo. Stagg anali m'komiti ya malamulo kwa zaka zambiri. Amatchulidwanso pakati pa oyambitsa chidole chophunzirira kugwetsa mdani ndi njira zingapo zoimikira osewera, ngakhale zina mwa izi aphunzitsi enanso amati n'zawo.

Stagg sankamwa mowa, sankasuta, sankatukwana, ndipo ankati masewera ndi njira yowumbira khalidwe la anyamata. Komabe ukhondo umene ankalalikira sunali wathunthu ngakhale pakhomo pake. Walter Eckersall, katswiri wa timu ya 1905, anasewera zaka zinayi maphunziro ake ali pendapenda, ndipo anachoka wopanda digiri. Vuto lomwe mgwirizano unakhazikitsidwira kuti ulithetse linali lidakalipo pa sukulu ya mmodzi mwa oulimbikitsa.

M'zaka zomaliza za Stagg ku Chicago, pa yunivesiteyi panali wophunzira wochokera ku Nyasaland, Hastings Kamuzu Banda, amene anayamba waphunzira ku Indiana, membala winanso wa Big Ten, ndipo anamaliza digiri ku Chicago mu 1931. Kumeneko ndi kumene anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la galamala ya Chichewa lomwe linatuluka mu 1937.

Kupuma mokakamizidwa ndi zaka zomaliza

Atakwanitsa zaka 70, yunivesite inamupumitsa kumapeto kwa masewero a 1932, iye asakufuna. Mkulu watsopano, Robert Maynard Hutchins, ankaona mpira ngati chosokoneza maphunziro. Timu inapitirira kufooka, mu 1939 inagonja 85–0 kwa Michigan, ndipo chaka chomwecho Chicago inathetsa mpirawo. Mu 1946 inatuluka mu mgwirizano umene inathandiza kuyambitsa, malo ake n'kutengedwa ndi Michigan State. Pansi pa mipando ya bwalo la Stagg Field ndi pamene Enrico Fermi ndi anzake anayatsa makina oyamba a mphamvu ya nyukiliya pa 2 Disembala 1942.

Stagg sanakhale pansi. Kuyambira 1933 mpaka 1946 anaphunzitsa ku College of the Pacific ku California, ndipo mu 1943, ali ndi zaka 81, anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho. Kenako anathandiza mwana wake ku Susquehanna kuyambira 1947 mpaka 1952, n'kupitiriza kulangiza timu ina ku Stockton atapitirira zaka 90. Mkazi wake Stella, amene anakwatirana naye mu 1894, ankamulembera zochitika za m'masewero ndi kufufuza kaseweredwe ka adani. Stella anamwalira mu 1964, ndipo Stagg anamutsatira chaka chotsatira ku Stockton ali ndi zaka 102.

Masewero omaliza a ukatswiri wa makoleji a gawo lachitatu la NCAA amatchedwa Stagg Bowl. Chikho cha mpira cha Big Ten, yomwe kuyambira 2024 ili ndi mamembala 18, chimadziwikanso ndi dzina lake.