Chipani chikagonja, kodi mtsogoleri achoke? Mbiri ya Hugh Gaitskell

Chipani chikangogonja pa chisankho nyimbo imakhala imodzi basi: mtsogoleri achoke. Mu minibasi ndi yomweyo, pamsika ndi yomweyo, ngakhale ophunzira m'makoleji amavomereza yomweyo. Ine nkhani zotere zikabuka ndimakumbukira mzungu wina wa ku Mangalande, malemu Hugh Gaitskell. Mkuluyu adakhala pa mpando wa chipani cha Labour chipanicho chitagonja, adaumenyeranso mpandowo chitagonjanso, koma adatsikira kulichete asadalaweko ulamuliro wa dziko.

Gaitskell adabadwa mu 1906 m'banja lopeza bwino. Bambo ake ankagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Burma. Adaphunzira ku Winchester, sukulu ya ana a mabwana, kenaka ku Oxford. Mu 1926 apantchito m'dziko lonse adanyanyala ntchito, ndipo ophunzira anzake ambiri adathamangira kukathandiza boma kuyendetsa mabasi ndi sitima. Iye adasankha mbali ya onyanyalawo. Atamaliza maphunziro adakaphunzitsa anthu okumba malasha ku Nottingham. Mu 1945 adasankhidwa kukhala phungu wa Leeds South, ndipo mu 1950, ali ndi zaka 44 zokha, adakhala nduna ya zachuma m'boma la Clement Attlee.

Udani umene udamutsata moyo wake wonse udabadwira pamenepa. Mu 1951 nkhondo ya ku Korea inali mkati ndipo boma linkafuna ndalama zambiri zogulira zida. Gaitskell adalamula kuti ofuna mano oikirira ndi magalasi a maso azilipirako, chonsecho chithandizo cha kuchipatala chinali chaulere kuyambira mu 1948. Amene adakhazikitsa zaulerezo anali Aneurin Bevan, munthu wa ku Wales amene adalowa mumgodi akadali kamnyamata, wodziwa kulankhula moti adani ake omwe ankakhala chete kumumvera. Bevan adatula pansi unduna, ndipo adatsagana ndi nduna ina yachinyamata, Harold Wilson. Dzina limeneli mulisunge. Ndalama zimene ankakanganiranazo zinali zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse. Ine ndimaona kuti anali makani chabe a atambala awiri m'khola limodzi, ndipo Gaitskell naye sanali wosalakwa. Chaka chomwecho Labour idatuluka m'boma.

Mu 1955 chipanichi chidagonjanso. Attlee, atatsogolera kwa zaka 20, adapumula mu Disembala. Masiku amenewo mtsogoleri ankasankhidwa ndi aphungu okhaokha, osati nthumwi zotutidwa pa malole. Adaima atatu. Herbert Morrison, wachiwiri kwa Attlee, adaudikira mpandowo zaka zambirimbiri mpaka ukalamba kumupezera pamzere. Adapeza mavoti 40. Bevan adapeza 70. Gaitskell adapeza 157. Tsono tamverani izi: Bevan sadatuluke kukayambitsa chipani chake ayi. Adakhala momwemo, ndipo Gaitskell adamupatsa udindo wolankhulira chipani pa nkhani za maiko akunja. Pofika 1959 Bevan anali wachiwiri wake. Sankakondana kwenikweni, koma ankagwira ntchito limodzi.

Ife kuno munthuyu amatikhudza pang'ono. Mu Marichi 1959 boma la atsamunda lidalengeza za ngozi m'dziko la Nyasaland, Kamuzu nakatsekeredwa ku Gwelo. Lipoti la Devlin litatuluka mu Julaye, chipani cha Gaitskell ndi chimene chidapanikiza boma la Harold Macmillan mu nyumba ya malamulo ku London. Pambuyo pake chidakana kulowa nawo mu komishoni ya Monckton yokafufuza za tsogolo la chitaganya.

Chisankho cha mu Okutobala 1959 ambiri ankati ndi cha Labour. Koma pokopa anthu Gaitskell adalonjeza zambiri, kuphatikizapo kukweza ndalama za okalamba, kwinaku akunenanso kuti sakweza msonkho wa pamalipiro. Wogulitsa kaunjika aliyense akudziwa kuti sungalonjeze basera kwa onse osakweza mtengo penapake. Anthu sadamukhulupirire. A Conservative adatenga mipando 365, Labour 258. Kunali kugonja kachitatu motsatizana.

Apa ndi pamene ndimamuvulira chipewa, ndi pamenenso ndimamudabwa. Sadanamizire kubera mavoti kapena nyengo. Adati vuto lili m'chipani momwemo. Malamulo a chipanicho, olembedwa mu 1918, anali ndi ndime yachinayi yonena kuti mafakitale ndi chuma chonse zikhale za onse, osati za anthu paokha. Gaitskell adaona kuti wantchito wa mu 1959, amene tsopano anali ndi wailesi ya kanema ndipo ankalota zogula galimoto, sankakopekanso ndi mawu amenewo. Adafuna ndimeyo isinthidwe. Zoona zinali mbali yake, koma nthawi adaiphonya. Anthu ali pamaliro a chisankho, iye nkuwauza kuti chimene akhala akukhulupirira zaka 40 nchachikale? Mabungwe a apantchito, omwe ndiwo ankapereka ndalama ku chipani, adakana, ndipo mu 1960 adabwerera m'mbuyo mwamanyazi.

Adani ake ataona kuti wafooka adabwera ndi ina. Pa msonkhano waukulu wa ku Scarborough mu Okutobala 1960, Bevan atamwalira kale mu Julaye, nthumwi zidavomereza kuti dziko la Britain litaye lokha mabomba a nyukiliya osadikira kuti maiko ena atayenso. Frank Cousins, mkulu wa bungwe lalikulu la apantchito za mtengatenga, ndiye ankatsogolera. Gaitskell ankadziwa kuti agonja asadaimirire nkomwe, komabe adaimirira nawauza pamaso kuti sagwirizana nazo ndipo alimbana nazo mpaka zitasintha. Mwati mtsogoleri kukana chigamulo cha msonkhano waukulu? Ambiri adati ndi mwano, ndipo ine sindinganene kuti ankalakwitsa kotheratu. Ngati msonkhano ulibe mphamvu pa mtsogoleri, nanga anthu amavutikiranji kupitako?

Apa mpomwe Harold Wilson uja adatulukira. Mwezi wotsatira adapikisana naye pa mpando, ponena kuti chipani chikufunika munthu woyanjanitsa mbali ziwirizo. Chodabwitsa nchakuti Wilson mwini sankakhulupirira kwenikweni zotaya mabombazo, adangoona mpata. Aphungu adavota: Gaitskell 166, Wilson 81. Wilson sadachotsedwe m'chipani, adakhalabe pa mzere wakutsogolo. Gaitskell ndi omutsatira adatha chaka chathunthu akukopa nthambi ndi mabungwe mmodzimmodzi, ndipo pa msonkhano wa ku Blackpool mu 1961 chigamulo cha ku Scarborough chidafafanizidwa. Anthony Greenwood adayesanso kumulanda mpando chaka chomwecho, nagwa ndi mavoti 59 kwa 171.

Pofika kumapeto kwa 1962 boma la Macmillan linali litatopa, ndipo aliyense ankaona kuti nduna yaikulu yotsatira ndi Gaitskell. Mu Disembala adayamba kudwala ngati chimfine wamba. Anali matenda a lupus, amene thupi limadziukira lokha. Adamwalira pa 18 Januwale 1963 ali ndi zaka 56. Mu Febuluwale aphungu adasankha Wilson, yemwe uja wa mavoti 81, ndipo mu Okutobala 1964 adalowa m'boma ndi chipani chimene Gaitskell adachisoka ndi manja ake. Ndime yachinayi ija idakhalabe m'malamulo mpaka mu 1995 pamene Tony Blair adaisintha, patatha zaka 32 Gaitskell ali m'manda.