Bishopu Auneau, mzungu wa ku France amene adayala maziko a Akidayosizi yathu

Nkhani yokonzanso matchalitchi akale ikangoyamba pa Facebook, mkangano wake umakhala wa matailosi, masipika ndi denga lodontha basi. Ine ndati tibwerere kaye m'mbuyo, tidziwe munthu amene adayala maziko a Akidayosizi ya Blantyre, yomwe likulu lake ndi Limbe Cathedral ndipo ife a kuno ku Limbuli tili pansi pake. Dzina lake Louis Auneau.

Adabadwa mu 1876 ku France ndipo adalowa chipani cha ansembe a Montfort, omwe adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901. Mtsogoleri wawo woyamba m'dera la Shire, Auguste Prézeau, atamwalira mu 1909, Roma idasankha Auneau mu 1910. Bishopu wa zaka 34 zokha, aise. Ena a ife pa msinkhu umenewo tidzakhala tikusakabe pogwira.

Ankakhala ku Nguludi, ku Chiradzulu, komwe lero kuli yunivesite ya Katolika. Mu Januwale 1915, pa nthawi ya kuukira kwa John Chilembwe, mishoni ya Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe wina, Bambo Swelsen, adavulazidwa kwambiri. Apa sindibisa: Akatolika a nthawi imeneyo ankaoneka kuti ali mbali ya boma la atsamunda, ndipo amene timakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale tiyenera kuidziwa mbali imeneyi ya mbiri ya bishopuyu. Koma bamboyu sadapakire katundu. Nguludi adaimanganso.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi nkhani ya Alhomwe. M'zaka zimenezo makolo athu ankaoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapezanso thangata m'maesiteti a kuno. Anali alendo opanda malo, onyozeka. Mpingo wa Auneau udawalandira kudzera m'tisukulu ta m'midzi ndi akatekisiti, ndipo n'chifukwa chake Chikatolika chidazika mizu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu. Funsani agogo anu kumene adaphunzira kulemba dzina.

M'zaka za m'ma 1920 adatsegula seminale ya Nankhunda ku Zomba kuti Amalawi akhale ansembe, ndipo mu 1925 adayambitsa chipani cha masisitere achikuda cha Servants of the Blessed Virgin Mary, omwe mpaka lero mumawapeza m'zipatala ndi m'sukulu. Pa nthawi imene azungu ambiri ankakayika ngati munthu wakuda angatsogolere kalikonse, imeneyo sinali nkhani yaing'ono.

Adatula pansi udindo atalamulira pafupifupi zaka 40, ndipo adalowa m'malo mwake ndi Theunissen wa ku Holland. Auneau adamwalira mu 1959, chaka chomwe Blantyre idakwezedwa kukhala akidayosizi.

Ndiye onani izi. Misa imene iye ankaidziwa inali ya Chilatini, wansembe atafulatira anthu. Msonkhano wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, ndi umene udatsegula njira yoti guwa litembenukire kwa anthu, Misa ikhale m'Chichewa, ng'oma zilowe m'tchalitchi. Choncho tchalitchi chilichonse cha nthawi ya Auneau chidasinthidwapo kale kamodzi. Wokuuzani kuti musakhudze kanthu akuteteza chinthu chosinthidwa kale. Ine changa n'chakuti denga, magetsi ndi polowera njinga za olumala zikonzedwe ndithu, koma njerwa zootcha zomwe makolo athu adaumba ndi kusenza pamutu zisakwiriridwe ndi pulasitala ndi penti wa kirimu.