James Dewar: Mwini Nzeru ya Fulasiki

Mlimi wa ku Mchinji polawirira ku munda wake wa mtedza, kapena wapaulendo podikira pa chipata cha Mwami, kawirikawiri amanyamula fulasiki ya tiyi. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti nzeru yosunga tiyiyo ali wotentha ndiyo itetezanso masetilaiti ozungulira dziko lapansi. Mwini wake wa nzeruyi adali James Dewar.

Dewar adabadwa m'chaka cha 1842 ku Kincardine m'dziko la Scotland, dziko lomwe kudachokeranso David Livingstone. Adali mzime pa ana aamuna asanu ndi mmodzi, ndipo pofika zaka 15 adali atasanduka wamasiye. Adalimbika sukulu ku Edinburgh, nakhala mphunzitsi wamkulu ku Cambridge mu 1875, ndiponso ku Royal Institution mu mzinda wa London mu 1877.

Khumbo lake lidali kuziziritsa mpweya kufikira usanduke madzi. Chovuta chidali chakuti madzi oterewa sachedwa kuuluka akangolawa kutentha. Tsono mu 1892 adakonza botolo la makoma awiri, napopa mpweya wonse wapakati pa makomawo. Pambuyo pake adawapaka siliva kuti anyezimire ngati kalilole. Mpata wopanda mpweyawo uletsa kutentha kudutsa, ndipo kunyezimirako kubweza cheza chotentha kumene chachokera. Ndi chida chimenechi adakhoza kusandutsa mpweya wa hydrogen kukhala madzi mu 1898.

Komabe sadalembetse luso lake ku boma. Mu 1904 Ajeremani adayamba kugulitsa mabotolo otere pa dzina lakuti Thermos, ndipo atakasuma, mlandu sudamkomere. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mumlengalenga mulibe mpweya, choncho setilaiti ikhala ngati ili pakati pa makoma a fulasiki. Mbali yopenya dzuwa itha kutentha koposa madzi owira, pamene ya kumthunzi izizira koopsa. Pofuna kuti zipangizo zisaonongeke, akatswiri amaifunditsa timapepala tapulasitiki tosanjikizana, topakidwa aluminiyamu wonyezimira. Makina oonera nyenyezi a James Webb, amene adaulutsidwa mu 2021, ali ndi zotchinga dzuwa zisanu zamtunduwu.

Dewar adamwalira ku London pa 27 March 1923, zaka 34 setilaiti yoyamba isanauluke. Phindu la fulasiki adadya ndi ena, koma kufikira lero asayansi amatchula botolo lotere ndi dzina lake.