Sofia Kovalevskaya

Sofia Vasilyevna Kovalevskaya (15 Januwale 1850 – 10 Febuluwale 1891) anali katswiri wa masamu wobadwira ku Moscow, m'dziko la Russia.

Maphunziro

Pa nthawiyo mayunivesite a ku Russia sankalandira akazi, choncho mu 1868 anakwatiwa ndi Vladimir Kovalevsky kuti athe kukaphunzira kunja. Anayambira ku Heidelberg mu 1869, kenako anapita ku Berlin, komwe yunivesite inamuletsa kulowa m'kalasi. Pulofesa Karl Weierstrass anamuyesa ndi masamu ovuta, ndipo ataona mayankho ake anavomera kumamuphunzitsa payekha kwa zaka zinayi. Mu 1874 Yunivesite ya Göttingen inamupatsa digiri ya PhD atalemba mapepala atatu, limodzi mwa iwo lonena za mphete zozungulira pulaneti ya Saturn.

Ntchito

Ngakhale anali ndi digiriyo, anakhala zaka zambiri osalembedwa ntchito pa yunivesite. Mu 1884 anayamba kuphunzitsa ku Stockholm mothandizidwa ndi Gösta Mittag-Leffler, yemwenso anaphunzirapo kwa Weierstrass. Mu 1888 analandira mphoto ya Prix Bordin ku France, ndipo mu 1889 anakhala pulofesa. Anamwalira ku Stockholm ndi chibayo ali ndi zaka 41.