William Koyi, Mkhalapakati wa Angoni

William Koyi anabadwa cha m'ma 1846 ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa. Anali wa mtundu wa Axhosa. Pa unyamata wake ankayendetsa ngolo za ng'ombe, kenaka anagwira ntchito ku Port Elizabeth. Atatembenuka mtima, analowa sukulu ya mishoni ya Lovedale mu 1871 ali bambo kale.

Mu 1876 Dr James Stewart anapempha ophunzira a ku Lovedale kuti ena adzipereke kukathandiza mishoni ya Livingstonia, yomwe inali itangoyamba ku Cape Maclear. Anasankhidwa anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi sanali wophunzira kwambiri, ndipo anadzipereka kugwira ntchito iliyonse, ngakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Koma Mulungu anamusungira ntchito ina. Masiku amenewo Angoni ankathira nkhondo mitundu yowazungulira, kutentha midzi ndi kutenga anthu ukapolo. Atonga a kunyanja ankagona khutu lili kunja. Azungu a mishoni sankamva Chingoni, koma Koyi ankamva, pakuti Chixhosa ndi Chingoni n'zapachibale.

Mu 1878 anaperekeza Dr Robert Laws kwa Angoni a Chikuse, a fuko la Maseko, omwe ndi makolo a Angoni ambiri a ku Ntcheu ndi kuno ku Neno. Mu 1879 awiriwa anakaonana ndi Inkosi M'mbelwa kumpoto. Mu 1882 Koyi anakamanga nyumba ku Njuyu, pakati pa Angoniwo.

Moyo wa ku Njuyu sunali wofewa. Mafumu anakana sukulu poopa kuti ana awo ataya mtima wankhondo. Ankhondo ena ankamuopseza ndi mikondo. Mishoni inali itasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, choncho Angoni ankamukayikira kuti ndi kazitape wa adani awo. Koyi sanathawe, sanabwezerenso. Ankakhala nawo pabwalo, kumvetsera madandaulo awo, ndi kukamba za mtendere m'chinenero chawo. Patapita nthawi anamutcha Mtusane, dzina lomwe limakumbukiridwa ngati la mkhalapakati.

Mu 1886 kunagwa chilala. Angoni anapempha amishoni kuti apempherere mvula, ndipo mvula inagwa. Pambuyo pake mafumu analola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unamupeza Koyi ali chigonere ndi matenda. Anamwalira pa 4 June 1886 ndipo anaikidwa ku Njuyu konko. Sanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Oyamba, Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, anabatizidwa mu 1890, iye atagona kale zaka zinayi.

Amene anaonera filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa Beyond the Gates of Splendor adziwa njira imeneyi. Filimuyo ikusimba za amishoni asanu amene anaphedwa ndi mikondo ndi Awaodani a ku Ecuador mu 1956. Mu 1958 Elisabeth Elliot, mkazi wa mmodzi wa ophedwawo, ndi Rachel Saint, mlongo wa wina, anapita kukakhala pakati pa anthu omwewo. Ku Ecuador ngati ku Njuyu, chiyanjano chinayamba pamene wina analolera kukhala pafupi ndi amene akanayenera kuwaopa.

Koyi anali wa mpingo wa Chipresibeteriya, koma phunziro lake ndi la mkhristu aliyense. Ku Matandani lero kulibe nkhondo ya mikondo, koma alipo abale amene sapatsana moni chifukwa cha malire a munda, chuma cha masiye kapena kunenezana ufiti. M'malimana mukufunika anthu ngati Koyi, odziwa kumvetsera mbali zonse ziwiri, osatopa ngakhale zipatso zichedwe. Pa Misa ya lero, popatsana moni wa mtendere, aliyense akumbukire munthu amene sanayankhule naye chaka chino, ndipo akamuyendere sabata isanathe.